Muvi Ukadali M'thupi: Buddha, Mpingo ndi Funso la Moyo ku Kafue

Mukatsika basi pa Kafue Lamlungu m'mawa, makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka, simufunika kufunsa ngati anthu a muno amapemphera. Ku Shikoswe, ku Zambia Compound, ku Estates, nyimbo zimamveka mbali zonse, ena ali m'matchalitchi a njerwa, ena m'makalasi obwereka. Komabe masiku ano achinyamata ena akumabwera ndi mawu a Buddha amene awatola pa Facebook ndi pa TikTok, n'kumafunsa ngati munthu sangapeze tanthauzo la moyo popanda mpingo, popanda abusa, popanda chakhumi. Mafunso ali m'munsimu ndawamva m'minibasi, pamaliro, ndipo ambiri a iwo ndawamva m'nyumba mwanga momwe kuchokera kwa mphwanga. Ine ndine Mkhristu, sindibisa. Koma mwana akafunsa moona mtima, kumukalipira si yankho.

Kodi Buddha ameneyu anali ndani? Si mulungu wa Matchaina?

Sanali Mtchaina, ndipo sanadzitche mulungu. Dzina lake linali Siddhartha Gautama. Anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, m'banja lolamulira la fuko la Shakya. Mbiri imene Abuda amasunga imati bambo ake anamulera motchinga kuti asaone zowawa za dziko, koma atatuluka kumpanda anakumana ndi nkhalamba, wodwala, mtembo, kenako munthu amene anasiya zonse pofunafuna choonadi. Ali ndi zaka 29 anachoka pakhomo, kusiya mkazi ndi mwana. Anadzizunza ndi njala mpaka kutsala mafupa okhaokha, n'kuona kuti kudzizunza sikuchiza mtima monganso kudyerera sikuuchiza. Ali ndi zaka 35, atakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu ku Bodh Gaya, akuti anagalamuka, ndipo mawu oti Buddha amatanthauza zomwezo, wogalamuka. Anaphunzitsa zaka 45 n'kumwalira ali ndi zaka 80 ku Kushinagar. Ku China chiphunzitso chake chinafika patapita zaka mazana angapo. Chidole chamimba yaikulu, choseka, chimene mumachiona m'malo odyera a Matchaina, si iye. Ameneyo ndi Budai, mmonke wa ku China amene anakhala ndi moyo patapita zaka zambiri Gautama atamwalira.

Ndiye iye anati cholinga cha moyo n'chiyani?

Apa ndi pamene ambiri amadabwa, chifukwa funso loti tinabadwiranji iye sanayambire pamenepo. Wophunzira wake wina, Malunkyaputta, anaopseza kuti asiya umonke ngati mphunzitsiyo samuuza ngati dziko lili ndi mathero, ndiponso ngati munthu wogalamuka amakhalapobe akamwalira. Buddha anamuyankha ndi fanizo la munthu wolasidwa muvi wopakidwa ulembe. Achibale amuitanira sing'anga, koma iye akukana kuti muviwo uzulidwe mpaka adziwe amene wamulasa, mtundu wake, mudzi wake, mtengo umene anasemera uta, ndi mbalame imene nthenga za muviwo zinachokera. Munthu wotere amafa mafunso akadali m'kamwa.

Fanizo limeneli ife a kuno sitifunika wotimasulira. Munthu akadwala, kangati funso loyamba limakhala loti wamuchita ndani, m'malo moti akumva bwanji? Abale amadana, agogo amalozedwa zala, ndalama zimathera kwa woombeza, wodwala ali gone pamphasa.

Chimene Buddha anachita ndi kusintha funsolo. Ku Sarnath, pafupi ndi Varanasi, polankhula ndi anzake asanu, anayala nkhani yake monga amachitira dokotala: nthenda ndi iyi, gwero lake ndi ili, kuchira n'kotheka, mankhwala ndi awa. Nthendayo anaitcha dukkha. Mawuwa sakunena ululu wokha ayi, akunenanso kusakhutira kuja kumene kumatsala ngakhale zinthu zili bwino, kuja kwa munthu amene walandira malipiro lero koma mtima uli kale pa ngongole ya mawa. Gwero lake analitcha tanha, kutanthauza ludzu: kufuna ichi, kukana icho, kukakamira chimene sichingakhale. Makolo athu anaziona zomwezi pamene anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kuchira anakutcha nirvana, kuzima kwa moto, ndipo moto wake ndi wa dyera, chidani ndi kusaona zinthu monga zilili. Mankhwala ndi njira ya mbali zisanu ndi zitatu imene imagwira kaonedwe ka zinthu, zolinga za mtima, malankhulidwe, machitidwe, kapezedwe ka chakudya, khama, kukhala tcheru ndi kukhazikitsa maganizo. Munthu wamba amayamba ndi malonjezo asanu: kusapha, kusaba, kusachita chiwerewere, kusanama ndi kusamwa zoledzeretsa.

Mwachidule, kwa Mbuda moyo wa munthu ndi mwayi wosowa wozulira muvi, mwa iwe mwini ndi mwa anzako.

Koma si kuuona moyo ngati mdima wokhawokha kumeneku?

Ndinkaganiza choncho inenso, mpaka nditakumbukira za malume anga.

Kafue inakula m'nthawi ya Kenneth Kaunda ngati tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga fetereza mu 1970, Kafue Textiles inkaluka nsalu ndi zitenje, nyumba za ku Estates zinamangidwira antchito. Munthu akalembedwa ntchito ankadziwa kuti nyumba ilipo, sukulu ya ana ilipo, ukalamba wake wakonzeka. M'zaka za m'ma 1990 misika itatsegulidwa, nsalu zakunja ndi salaula zinasefukira, mafakitale anayamba kutsimphina, ena n'kutseka. Malume anga anagwira ntchito zaka zoposa 20 pa fakitale ina ya muno. Ntchito itatha ankadzukabe 5 koloko m'mawa, kusita malaya, kukhala pakhonde kuyang'ana msewu. Njala inalipo ndithu, koma chimene chinawadya kwambiri si njala. Iwo ndi ntchito ija anali atasanduka chinthu chimodzi m'maganizo mwawo, ndiye ntchito itafa sanadziwenso kuti iwo ndi ndani.

Chiphunzitso cha Buddha chili ndi mawu a zimenezi. Anicca ndiko kunena kuti chilichonse chimene chinapangika chimasintha ndipo chimatha. Sakunena kuti usakonde ntchito yako kapena ana ako. Akuti uzikonda ukudziwa kuti n'zobwereka, kuti tsiku lozibweza lisakupeze ngati wakuba usiku. Chakudza sichiyimba ng'oma. Mu 2024 chilala chitagwa, ife okhala pafupi ndi Kafue Gorge, kumene magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa, tinkakhala mumdima masiku ena maola oposa 20. Ndani ankaganiza kuti mtsinje waukulu ngati wa Kafue ungaperewere? Amene amawerenga buku la Mlaliki m'Baibulo sangaone zachilendo apa. Kunena kuti zinthu zimatha si kutaya mtima. Kutaya mtima kumabwera pamene unauzidwa kuti sizidzatha.

Ngati zili choncho, kusiyana kwake ndi zimene timamva ku tchalitchi kuli pati?

Kulipo, ndipo n'kwakukulu. Sindigwirizana ndi anthu amene amati zipembedzo zonse zimanena chimodzimodzi. Kutero ndi kusalemekeza mbali zonse ziwiri.

Mkhristu, Msilamu, ngakhalenso agogo athu amene ankathira nsembe kwa Chauta kudzera mwa mizimu, onse amayambira pa Mlengi. Moyo uli ndi tanthauzo chifukwa pali amene anaupereka ndipo akuufuna. Buddha sanaphunzitse za Mlengi. M'mabuku a Abuda milungu imatchulidwa, koma nayonso imabadwa ndi kufa, ndipo singapulumutse munthu. Mkhristu amati ali ndi mzimu umene Mulungu amaudziwa ndi dzina. Buddha anaphunzitsa anatta, kuti ukafufuza m'thupi, m'zomva, m'maganizo, supeza kanthu kokhazikika kamene ungati aka ndiye ine. Mkhristu amayembekeza kufa kamodzi, chiweruzo ndi kuuka kwa akufa. Mbuda amaona kubadwa ndi kufa mobwerezabwereza, ndipo chiyembekezo chake ndi kutuluka m'kuzungulirako. Mkhristu amati sindingathe ndekha, ndikufuna chisomo. Buddha ankadzitcha wolozera njira chabe, kuyenda n'kwako, ngakhale kuti nthambi zina za Chibuda za ku China ndi Japan zimadalira kwambiri chifundo cha Buddha wina wotchedwa Amitabha.

Pamenepa munthu ayenera kusankha, ndipo ine ndinasankha. Pamanda a mayi anga sindinafune kumva kuti panalibe iwo weniweni. Ndinafuna kumva kuti alipo amene akuwadziwa dzina. Koma kusankha kwanga sikundiletsa kuvomereza kuti pa nkhani ya mmene dyera limagwirira ntchito mumtima wa munthu, Buddha anaona mozama.

Ndinawerenga kuti Chibuda si chipembedzo, ndi nzeru chabe ya moyo, yopanda atsogoleri ndi zopereka. Ndi zoona?

Si zoona, ndipo apa ndi pamene mawu a pa intaneti amasocheretsa ana athu. Buddha mwini wake ndiye anakhazikitsa gulu la amonke ndi masisitere lotchedwa sangha, limene lili m'gulu la mabungwe akale kwambiri amene akadalipo padziko. Mmonke wa mwambo wa Theravada, wa ku Sri Lanka, Thailand ndi Myanmar, amasunga malamulo 227. Kuli akachisi, masiku a chikondwerero, maulendo a ku malo opatulika, akuluakulu a gulu, ndi zopereka tsiku ndi tsiku, popeza amonke amadya zimene anthu wamba awaikira m'mbale. Kuyambira nthawi ya mfumu Ashoka ya ku India, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, Chibuda chayenda limodzi ndi mafumu ndi maboma.

Ife pa 29 December 1991 tinamva Frederick Chiluba akulengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo oyendetsera dziko. Mipingo ina ikuluikulu inadandaula nthawi imeneyo kuti sinafunsidwe. Ku Sri Lanka malamulo a dziko a 1978 amapatsa Chibuda malo oyamba. Chipembedzo chikakhala pampando umodzi ndi boma, matenda ake amafanana kulikonse. Ku Myanmar mmonke wotchedwa Wirathu anatchuka ndi maulaliki odana ndi Asilamu, ndipo mu 2017 asilikali anathamangitsa Asilamu a mtundu wa Rohingya oposa 700,000 amene anathawira ku Bangladesh. Koma m'dziko lomwelo mu 2007 amonke zikwizikwi anayenda m'misewu kutsutsa boma la asilikali, ena n'kumenyedwa, ena n'kumangidwa. Mkanjo ndi umodzimodzi, mitima ndiyo yosiyana. Mu July 2025 kachisi wotchuka wa Shaolin ku China analengeza kuti mkulu wake, Shi Yongxin, akufufuzidwa pomuganizira kuti anasokoneza chuma cha kachisiyo.

Ndiye amene akuthawa mpingo chifukwa cha ndalama ndi maudindo, akuganiza kuti kwa Abuda kulibe zimenezo, akuthawa mvula n'kukabisala mumtsinje.

Kodi Abuda alipo kuno kwathu?

Alipo, koma ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri ndi ochokera ku Asia. Ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka, kuli kachisi wa Shaolin kumene ana amaphunzira kung fu ndi Chitchaina. Ku Malawi, pafupi ndi Blantyre, kuli Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye amene anayambitsidwa ndi mmonke wa ku Taiwan, Hui Li. Filimu ya Nicole Schafer ya 2019, Buddha in Africa, inatsatira mnyamata wa kumeneko amene anakula akudya ndi kulankhula ngati Mtchaina, n'kumavutika kulumikizana ndi abale ake kumudzi. Filimuyo inadzutsa funso limene ife tiyenera kulidziwa bwino, popeza sukulu za mishoni zinatichitanso zofanana: mwana wamasiye akapatsidwa nsima ndi chikhulupiriro m'mbale imodzi, kodi wasankha? Ku South Africa kuli kachisi wamkulu wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit. Ku Uganda kuli mmonke wobadwira konko, Bhante Buddharakkhita, amene anakulira m'banja la Chikatolika n'kudzakhazikitsa Uganda Buddhist Centre mu 2005.

Nanga n'chiyani chikukopa achinyamata?

Mphwanga anandiuza mosapita m'mbali kuti watopa ndi kugula madalitso. Anapita kwa mneneri wina amene anamuuza kuti abzale mbewu ya ndalama kuti ntchito ipezeke. Anabzala, anagula mafuta odzozedwa, ntchito osapezeka, ndipo atabwerera anauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Kenako anawerenga za anthu a mtundu wa Kalama, a m'mudzi wa Kesaputta, amene anadandaula kwa Buddha kuti aphunzitsi akubwera ambirimbiri, aliyense akutama zake ndi kunyoza za mnzake. Buddha sanawauze kuti atsate iye. Anawalangiza kuti asalandire chinthu chifukwa choti n'chamakolo, chatchuka, chalembedwa, kapena wanena ndi mphunzitsi wolemekezeka, koma aone ngati chikachitidwa chimakulitsa dyera, chidani ndi chisokonezo kapena chimazichepetsa, ndiponso ngati anthu anzeru amachiyamikira kapena amachidzudzula.

Mnyamata amene wapusitsidwa akamva zimenezi amamva ngati wina wamutsegulira zenera. Ndipo ndinene poyera: uthenga umene umalonjeza galimoto ndi nyumba kwa wopereka kwambiri ukuthira mchere pa ludzu lomwe lija. Sukuzula muvi, ukuukankhira mkati. Chimene chimandipweteka n'choti muyeso woona mtengo ndi zipatso zake ulimonso m'Uthenga Wabwino, koma mwanayu anachita kukaumva kwa munthu wa ku India chifukwa kumene ankapemphera kufunsa kunkatengedwa ngati kugalukira.

Karma sikutanthauza kuti wosauka akulipira machimo ake a moyo wakale?

Alipo amene amaigwiritsa ntchito motero, ndipo ndi nkhanza, zofanana ndi kuuza wodwala kuti sanapemphere mokwanira. Koma Buddha anati karma ndi cholinga cha mtima chimene chimabala zochita, ndipo atafunsidwa ndi munthu wina wotchedwa Sivaka anakana kuti zonse zimene munthu amamva zimachokera ku zochita zakale. Anatchula matenda a m'thupi, kusintha kwa nyengo, kusasamala ndi chiwawa cha anthu ena.

Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za asidi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi, poizoni n'kulowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ku Kitwe madzi a m'mipopi anatsekedwa. Msodzi amene anataya chakudya cha ana ake sanachimwe m'moyo wina uliwonse. Panali zifukwa zooneka ndi maso, ndipo panali oyenera kuyankha. Chiphunzitso cha Buddha choti chilichonse chimadza chifukwa cha china chimatiuza kuti titsate zifukwazo mpaka kugwero. Chotayidwa ku Copperbelt chinadetsa nkhawa mayi wogulitsa nsomba pamsewu pa Kafue, ndi anthu a ku Lusaka amene madzi awo ena amapopedwa ku Iolanda, pompano. Ku India, B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa anthu amene ankaonedwa ngati osayenera kukhudzidwa, analowa Chibuda ku Nagpur pa 14 October 1956 pamodzi ndi khamu la anthu mazana a zikwi, ndipo anachita zimenezo pokana kuti kubadwa kwa munthu kukhale chiweruzo chake.

Ndiye ndisiye mpingo, ndizingokhala ndekha m'nyumba n'kumasinkhasinkha?

Kukhala chete ndi kuyang'ana mtima wako n'kwabwino, ndipo Akhristu akale a m'chipululu cha Egypt ankachitanso. M'mapemphero athu ambiri zokuzira mawu zachuluka moti munthu sadzimva yekha. Koma mawu oti ndekha ndi amene akundidetsa nkhawa, ndipo Buddha yemweyo sakanawavomereza. Wophunzira wake Ananda atanena kuti kukhala ndi abwenzi abwino ndi theka la moyo wopatulika, iye anamukonza kuti si theka, ndi wonse.

Pali nkhani ya mayi wina, Kisa Gotami, amene mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira. Mayiyo anasokonezeka mutu, n'kumayenda ndi mtembo m'manja kupempha mankhwala. Atafika kwa Buddha, iye sanamulalikire. Anamutuma kukapempha njere za mpiru, koma zichokere m'nyumba imene simunagwepo maliro. Mayi uja anagogoda khomo ndi khomo. Njere aliyense anali nazo, koma apa anataya mwamuna, apo mwana, apo mayi. Pofika madzulo anali atamvetsa, ndipo anakaika mwana wake. Ambiri amaitenga nkhaniyi ngati phunziro loti imfa ndi ya aliyense. Ine chimene chimandigwira mtima n'choti mankhwala a mayiyo anali m'makomo a anansi ake. Akanakhala yekha m'nyumba sakanachira. Kali kokha n'kanyama.

Malume anga aja atamwalira panalibe ndalama pakhomo. Amayi a chigwirizano anafika ndi ufa, nkhuni ndi mapoto. A kwaya anachezera usiku wonse. Amuna a mumpingo anasonkha ya bokosi, ena mwa iwo anthu amene nawonso ntchito inawathera chaka chimodzimodzi. Limeneli ndi bungwe, lili ndi mlembi, msungichuma ndi kaundula wa mayina, zomwezo zimene achinyamata akuti zawatopetsa. Popanda kaundula ameneyo palibe akanadziwa kuti kwa uje kwagwa zovuta. Foni ingakupatseni mawu a Buddha m'mawa uliwonse, koma siidzabwera kudzagona pamaliro anu.

Ngati kumene mukupemphera akukugulitsani mantha, chokaniko. Mipingo ina ilipo imene funso silitengedwa ngati tchimo. Ngati mwatsimikiza kutsata njira ya Buddha, itsateni yonse, ndi malonjezo ake asanu ndi gulu lake, osati mawu okoma okha otola pa intaneti, ndipo dziwani kuti malamulo a dziko lino amateteza ufulu wanu wa chipembedzo. Mphwanga sanabwererebe ku tchalitchi, ndipo ine sindinasiye kumuitana. Amadzuka mamawa, n'kukhala chete mphindi 20 asanapite kokasaka maganyu. Mwezi wathawu kutagwa maliro kwa aneba athu, ndinamupeza kumanda dzuwa lisanatuluke, fosholo ili m'manja, akulandizana ndi anyamata a kwaya.